Kodi Mwala Umagweranji Pansi? Maganizo Ena pa Mphamvu Yokoka ndi Kuchedwa kwa Nthawi

Mu Okutobala 1971, Joseph Hafele ndi Richard Keating anakwera ndege wamba yonyamula anthu ali ndi mawotchi 4 a atomu. Sanali mawotchi ovala pamkono ayi. Anali mabokosi olemera, ofuna magetsi usana ndi usiku, moti anachita kuwagulira mipando yawoyawo, pa matikiti n'kulembapo dzina lakuti Mr. Clock. Anazungulira nawo dziko lonse cholowera kum'mawa, kenaka anazunguliranso cholowera kumadzulo. Atabwerera ku Washington anayerekeza mawotchiwo ndi anzawo amene anatsala ku US Naval Observatory. Pa ulendo wa kum'mawa a m'ndege aja anapezeka atatsalira ndi ma nanosecond 59, pa wa kumadzulo atatsogola ndi 273. Nanosecond ndi kachidutswa kamene mungapeze mutaduladula sekondi imodzi m'tizidutswa 1 biliyoni.

Zinthu ziwiri zinkalimbana m'mawotchimo. Kukwera m'mwamba kumafulumizitsa wotchi, pamene liwiro limaichedwetsa. Ndege yopita kum'mawa imawonjezera liwiro lake pa liwiro limene dziko likuzungulira nalo kale, ndiye kuchedwa kunapambana. Yopita kumadzulo imatsutsana ndi kuzungulira kwa dziko, moti wotchi yotsala pansi ndi imene inkathamanga kwambiri.

Ndayambira pa mawotchi mwadala. Ambiri amene amabwera ndi maganizo atsopano pa mphamvu yokoka amayambira pa mwala wogwa pansi, n'kuiwala kuti nkhani ya mwalawo ndi nkhani ya wotchi zili mu mtolo umodzi. Wofotokoza imodzi n'kusiya inzake sanafike.

Isaac Newton anatulutsa lamulo lake mu 1687: chinthu chilichonse chimakoka chinzake, ndipo mukatalikitsa mtunda kawiri mphamvuyo imachepa kanayi. Lamuloli linagwira ntchito modabwitsa, mpaka mu 1846 pulaneti Neptune anapezeka pamalo pamene masamu analoza. Koma Newton sananene chimene chimachita kukokako. M'kalata yake kwa Richard Bentley anavomera kuti n'zosamveka kuti chinthu chizikoka chinzake chili kutali, pakati popanda chotumiza mphamvuyo. Mu 1713 analemba kuti chifukwa chake sanachipeze ndipo sakufuna kupeka. Funso limene analisiyalo ndi limene anthu akhala akulimbana nalo kwa zaka zoposa 300.

Yankho limene ine limandisangalatsa kwambiri, ngakhale kuti ndi lolakwika, linayamba ndi Nicolas Fatio de Duillier mu 1690, ndipo Georges-Louis Le Sage wa ku Geneva analiyambiranso mu 1748. Iwo ankati kulibe kukoka, kuli kukankha basi. Mlengalenga monse muli tizinthu tosaoneka tothamanga kuchokera mbali zonse. Chinthu chikakhala chokha, timachimenya mofanana uku ndi uku, choncho sichisuntha. Koma ikani zinthu ziwiri moyandikana: chilichonse chimatchinjiriza chinzake pang'ono, ngati anthu awiri oima pamphepo wina kumbuyo kwa mnzake. Pakati pawo pamakhala kamthunzi, kukankha kwa kunja kumaposa kwa pakati, zinthuzo n'kuyandikana. Chokoma chake n'chakuti lamulo la Newton limatuluka lokha, pakuti mthunziwo umachepadi kanayi mtunda ukatalika kawiri.

Vuto likuyamba mukafunsa kuti tizinthuto tikamenya dziko timapita kuti. Tikanjanja n'kubwerera ndi liwiro lomwelo, timadzaza mthunzi uja ndipo kukoka kumatheratu. Ndiye tiyenera kumira m'dzikomo, kapena kusiyamo mphamvu yake. Mphamvu yosiyidwayo imasanduka kutentha, ndipo James Clerk Maxwell komanso Henri Poincaré atawerengera anapeza kuti dziko likanayaka n'kukhala mbee m'kanthawi kochepa. Palinso lina. Munthu wothamanga pamvula amanyowa kwambiri kumaso kusiyana ndi kumsana. Dziko likuyenda makilomita pafupifupi 30 pa sekondi pozungulira dzuwa, choncho likanamenyedwa kwambiri kutsogolo, n'kumachepa liwiro mpaka kugwera m'dzuwa. Maganizo amenewa amadzukabe pa intaneti atavala mayina atsopano, wina akuti ndi tizinthu tating'onoting'ono totchedwa ma neutrino, wina akuti ndi mafunde ena ake, koma funso la kutentha palibe amene analiyankha. Ndipo za mawotchi a Hafele ndi Keating sanenapo kanthu.

Albert Einstein anaiyambira pena nkhaniyi. Mu 1907, akugwira ntchito mu ofesi ya boma ku Bern, anazindikira kuti munthu amene akugwa samva kulemera kwake. Mungaziyese ndi foni. Mafoni ambiri ali ndi kachipangizo koyeza kusintha kwa liwiro. Foni ili phee patebulo, kachipangizoko kamawerenga mamita 9.8 pa sekondi pa sekondi iliyonse, kuloza m'mwamba. Muiponye pa matiresi, pa kanthawi kamene ili m'malere kamawerenga ziro. Ndiye kuti chimene timachimva m'mapazi n'kumati ndi kulemera, ndi nthaka imene ikutikankha kutiletsa kugwa. Pogwa penipenipo palibe chimene chikukugwira.

Ena akamva zimenezi amathamangira kunena kuti ndiye dziko likufufuma, nthaka ikukwera kudzakumana ndi mwala. Ayi. Dziko lofufuma silingafotokoze chifukwa chake mwezi ukulizungulira.

Chimene Einstein anaona n'chakuti zinthu zonse zimagwa mofanana, kaya ndi zolemera kapena zopepuka, zachitsulo kapena zamtengo. David Scott anazionetsa pamwezi mu 1971 pogwetsa hamala ndi nthenga, zonse n'kufika pansi limodzi, ndipo setilaiti ya ku France yotchedwa MICROSCOPE inatsimikiza mu 2022, poyerekeza titanium ndi platinum, kuti kusiyana ngati kulipo sikuposa gawo limodzi mwa magawo 1,000 thiriliyoni. Ngati aliyense wodutsa panjira akukhotera mbali imodzimodzi, wamkulu ndi mwana yemwe, mumaleka kufufuza miyendo yawo, mumayang'ana njirayo. Njira yake pano ndi malo ndi nthawi, zimene Einstein mu Novembala 1915 anazilemba ngati chinthu chimodzi chimene chimapindika pafupi ndi chinthu cholemera.

Chithunzi chimene ambiri anachiona ndi cha nsalu yokungidwa, pakati ataikapo mpira wolemera, timipira tina tikugubudukira m'dzenjemo. Ine chithunzichi sindichikonda. Timipirato timagubuduka chifukwa dziko likutikoka kunsi kwa nsaluyo, ndiye mwafotokoza kukoka pogwiritsa ntchito kukoka komweko. Choipa kwambiri n'chakuti chimangoonetsa kupindika kwa malo, pamene chimene chimagwetsa mwala ndi nthawi.

Pafupi ndi nthaka nthawi imayenda pang'onopang'ono kusiyana ndi m'mwamba. Mu 2010 asayansi a ku NIST ku America anakweza wotchi imodzi masentimita 33 okha pamwamba pa inzake, n'kuona ya pamwambayo ikufulumira. Kusiyanako, pa moyo wa zaka 79, kungakwane ma nanosecond pafupifupi 90. Mu 2022 gulu la Jun Ye ku JILA linakuyeza pa milimita imodzi. Masetilaiti a GPS, amene ali pamtunda wa makilomita pafupifupi 20,200, mawotchi awo amatsogola ndi ma microsecond 45 pa tsiku (microsecond ndi ma nanosecond 1,000) chifukwa cha kutalikako, liwiro lawo n'kubweza 7, kutsala 38. Akanapanda kuwakonzeratu, mapu a pafoni akanamasochera ndi makilomita pafupifupi 10 tsiku lililonse.

Nanga kuchedwa kumeneku kukugwirizana bwanji ndi kugwa? Taganizirani ngolo ya mawilo awiri. Wilo la kumanzere likamazungulira pang'onopang'ono kusiyana ndi la kumanja, ngoloyo imakhotera kumanzere popanda woikoka. Chinthu chilichonse, ngakhale chitakhala phee, chili pa ulendo wopita ku mawa. Mbali ya kunsi ulendowo ukuchedwa, ndiye njira yake imakhotera kunsi. Kukhota kumeneko ndi kumene timakutcha kugwa. Fanizoli lili ndi potsimphina pake, pakuti mwala ulibe mawilo, koma lamulo lenileni likunena zofanana nazo: chinthu chosiyidwa chokha chimatsata njira imene wotchi yake ingawerenge nthawi yochuluka koposa. Ponyani mpira m'mwamba kuti ubwerere m'manja pakatha masekondi awiri. Ukakwera kwambiri umapindula nthawi, poti kumwamba wotchi imafulumira. Koma kuti ukafike kutali n'kubwerera pa masekondi awiri omwewo uyenera kuthamanga, ndipo liwiro limadya nthawi. Mukawerengera pamene phindu likuposa kuluza, mumapeza mamita 4.9, ndipo mpira weniweni umafikadi pomwepo.

Mwina mukudabwa kuti kusiyana kochepa chonchi kungathyole bwanji mwendo wa munthu wogwa padenga. Chinsinsi chili pa liwiro la kuwala. Poyerekeza nthawi ndi mtunda, sekondi imodzi ikufanana ndi makilomita 300,000. Pa ulendo wautali chotero, kukhota kosaoneka ndi maso kumakufikitsa patali ndi pamene ukanafika.

Apa ndi pamene ena amanena motsindika kuti nkhani yatha, kuchedwa kwa nthawi ndiko kumayambitsa mphamvu yokoka. Akunena zoona pa miyala, pa mwezi ndi pa mapulaneti, zinthu zoyenda pang'onopang'ono poyerekeza ndi kuwala. Koma kuwala kwenikweniko kumawatsutsa, ndipo Einstein yemwe anakodwapo. Mu 1911, akuwerengera za nthawi yokha, anapeza kuti kuwala kwa nyenyezi kodutsa m'mphepete mwa dzuwa kudzakhota theka la zimene anadzapeza mu 1915 atawonjezerapo kupindika kwa malo. Yankho lachiwirilo linali ma arcsecond 1.75, ndipo arcsecond ndi gawo limodzi mwa magawo 3,600 a digiri. Pa kadamsana wa pa 29 Meyi 1919, magulu amene anapita ku Príncipe ndi ku Sobral anapeza zogwirizana ndi yankho lalikululo, ndipo makina a masiku ano atsimikiza mosasiya chikayiko. Gunnar Nordström wa ku Finland anali ndi maganizo ake okongola mu 1913, mmene mawotchi ankachedwamo bwinobwino koma kuwala sikunkakhota n'komwe. Maganizowo anafera pomwepo. Carl Brans ndi Robert Dicke mu 1961 anayesa kusakaniza maganizo a mtundu umenewu ndi a Einstein, ponena kuti kukula kwa mphamvu yokoka kumasintha malinga ndi malo ndi nthawi. Mu 2003 zotsatira za mafunde a wailesi ochokera ku chombo cha Cassini, odutsa pafupi ndi dzuwa, zinagwirizana ndi Einstein mpaka magawo awiri mwa 100,000, ndipo chowonjezera cha Brans ndi Dicke chinatsala chaching'ono moti sichisinthanso kanthu.

Pali gulu lina limene limavomereza manambala onsewa koma limakana mawu akuti nthawi. Iwo amati chimene chikuchedwa ndi wotchi, nthawi yeniyeni ikuyenda chimodzimodzi kulikonse. Maganizowa ali ndi kholo lolemekezeka, Hendrik Lorentz, amene pofika 1904 anali atalemba masamu ofanana ndi amene Einstein anatulutsa mu 1905. Lorentz ankakhulupirira kuti mlengalenga muli chinthu chosaoneka chotchedwa ether, ndipo choyenda mu ether chimafupika, wotchi yake n'kumachedwa. Pa nkhani ya liwiro lokha, palibe kuyesa kumene kungasiyanitse Lorentz ndi Einstein, ndipo wasayansi wotchuka John Bell ankaona kuti ophunzira amamva msanga akayambira kwa Lorentz. Choncho si maganizo oti n'kuwaseka.

Koma taonani zimene akufuna kuti tivomere. Wotchi yoyendera maatomu a caesium ichedwe. Ya aluminium, imene imagwira ntchito mosiyana, ichedwe mofanana ndendende. Ndiye pali ka muon, kanthu kochepa kuposa atomu kamene kalibe mawilo kapena sipuling'i m'kati, kamene kamakhala ma microsecond 2.2 n'kusweka. Ku CERN, malo ofufuzira za sayansi a ku Ulaya, m'zaka za m'ma 1970, anathamangitsa tima muon mozungulira pa liwiro loyandikira la kuwala, ndipo tizinthuto tinakhala nthawi yotalika kuwirikiza 29, monga momwe masamu ananenera. Ngati chilichonse chosintha chikuchedwa mofanana, kuphatikizapo mtima wanu ndi maganizo anu, nthawi yeniyeni ija imene palibe wotchi ingaione ikugwira ntchito yanji? Kwa ine ili ngati mfumu imene palibe anaionapo, sinalamulepo kanthu, koma akuti tiziiwerengerabe.

Maganizo amene akutsutsa Einstein ali ndi umboni m'manja akuchokera ku milalang'amba, magulu aja a nyenyezi zambirimbiri. M'banja la dzuwa, pulaneti wakutali amayenda pang'onopang'ono: Mercury amathamanga makilomita pafupifupi 47 pa sekondi, Neptune 5 ndi pang'ono. M'zaka za m'ma 1970 Vera Rubin ndi Kent Ford anapeza kuti nyenyezi za m'mphepete mwa milalang'amba sizitero, zimathamanga ngati za m'kati, moti zikanayenera kumwazika. Asayansi ambiri amati kuli zinthu zosaoneka, zimene amazitcha dark matter, zochuluka pafupifupi kasanu kuposa zinthu wamba. Mordehai Milgrom wa ku Israel mu 1983 anati mwina lamulo ndi limene laperewera. Malinga ndi MOND, monga maganizo akewo amatchedwa, kukoka kukafooka kufika pa mlingo wochepa pafupifupi ka 80 biliyoni poyerekeza ndi wa pano padziko, kumaleka kuchepa kanayi mtunda ukatalika kawiri, kumangochepa kawiri.

Tinene chilungamo: MOND inalosera molondola kayendedwe ka milalang'amba yozimirira isanayezedwe n'komwe, ndipo ndi nambala imodzi yokha imafotokoza milalang'amba yambirimbiri. Zimenezi si zamwayi wamba, ndipo okhulupirira dark matter ayenera kufotokoza chifukwa chake zili chonchi. Koma pa magulu akuluakulu a milalang'amba MOND imaperewera, imafunabe zinthu zina zosaoneka. Mu 2006 Douglas Clowe ndi anzake anaonetsa magulu awiri amene anawombana, otchedwa Bullet Cluster. Mpweya wotentha, umene ndi wolemera kuposa nyenyezi zonse za m'magulumo, unatsakamira pakati, koma kuwala kodutsa kumeneko kumakhota kwambiri m'mbali, kumene milalang'amba inapitirira. Kukoka kuli kwina, zinthu zooneka zambiri zili kwina.

MOND ya poyamba inalibe chonena pa mawotchi kapena pa kuwala. Jacob Bekenstein anayesa kuikwaniritsa mu 2004 ndi chiphunzitso chotchedwa TeVeS. Kenaka panafika pa 17 Ogasiti 2017. Makina a LIGO ndi Virgo anamva mafunde a mphamvu yokoka ochokera ku nyenyezi ziwiri za neutron, zazing'ono koma zolemera kwambiri, zimene zinawombana, ndipo patangopita masekondi 1.7 setilaiti ya Fermi inaona kung'anima kochokera komweko. Mafunde ndi kuwala zinayenda zaka pafupifupi 130 miliyoni, n'kufika motsatizana choncho. Ziphunzitso zambiri zimene zinkafuna kuti ziwirizi zisiyane liwiro zinagwa tsiku limenelo, ndipo TeVeS inavulala nawo. Constantinos Skordis ndi Tom Złośnik anatulutsa ina mu 2021 imene ikudutsa mayeso amenewa, koma inachita kuwonjezera zinthu zatsopano zosaoneka m'masamu ake, ndiye munthu umayamba kudabwa ngati tathawadi dark matter kapena tangoisintha dzina.

Njira imene ikuyandikira kwambiri funso la Newton lija siitsutsa masamu a Einstein. Imafunsa chimene chili kunsi kwawo. Ena amati ndi kanthu kotchedwa graviton, kotumiza kukoka monga photon, kachidutswa ka kuwala, imatumizira mphamvu ya magetsi, ndipo Richard Feynman, Steven Weinberg ndi Stanley Deser anaonetsa kuti mukayambira pa kanthu kotere mumakafika pa masamu a Einstein omwewo. Graviton sanaonekepo, ndipo masamu ake amasokonekera mphamvu zikakula kwambiri.

Ena amati mphamvu yokoka ili ngati kutentha. Atomu imodzi siitentha kapena kuzizira. Kutentha kumabadwa pamene maatomu ambirimbiri akugwedezeka pamodzi. Tengani kachingwe ka labala, mukakoke, muzimva kakubwerera. M'kati mwake muli timaunyolo tataliatali ta maatomu, ndipo njira zimene tingapiringizikire ndi zochuluka kwambiri kuposa njira zimene tingawongokere. Poti tikugwedezeka nthawi zonse, timathera kumene njira zili zambiri, ndipo dzanja lanu limamva ngati pali chokoka. Umboni wake ndi wakuti labala wokokedwa mukamutenthetsa amafupika, pamene waya wachitsulo amatalika. Kuchuluka kwa njira kumeneku asayansi amakutcha entropy.

Andrei Sakharov ndiye anayamba kunena mu 1967 kuti kupindika kwa malo ndi nthawi kungakhale chotsatira cha zinthu zing'onozing'ono za kunsi. Bekenstein ndi Stephen Hawking, pakati pa 1972 ndi 1974, anapeza kuti black hole, chinthu chokoka kwambiri moti ngakhale kuwala sikutulukamo, ili ndi entropy komanso kutentha, ndipo chodabwitsa n'chakuti entropy yake imayenderana ndi kukula kwa khungu lake, osati kuchuluka kwa malo a m'kati. Mu 1995 Ted Jacobson anaitembenuza nkhaniyo: anayambira pa malamulo a kutentha, n'kutulutsa masamu a Einstein onse. Erik Verlinde wa ku Amsterdam anapitiriza mu 2010, ndipo mu 2016 ananena kuti njira yomweyi ingafotokozenso liwiro la nyenyezi zija popanda dark matter. Pa milalang'amba yokhala payokha zolosera zake zinayandikira zimene zinayezedwa. Pa magulu akuluakulu zikukumana ndi vuto lofanana ndi la MOND. Chimene sichinatchulidwebe ndi dzina la timaunyolo take. Pa labala tikudziwa chimene chikupiringizika. Pa malo ndi nthawi, Jacobson ndi Verlinde akungotiuza kuti chilipo.

Kusiyanitsa graviton ndi maganizo enawa kudzafuna kuyesa kwa mtundu wina. Mu 2017 Sougato Bose ndi anzake, komanso Chiara Marletto ndi Vlatko Vedral paokha, anapereka njira: tengani tizinthu tiwiri tating'ono kwambiri, kalikonse kaikidwe mu mkhalidwe wa quantum umene kanthu kamakhala ngati kali malo awiri nthawi imodzi, ndipo muonetsetse kuti palibe chotilumikiza kupatula kukokana kwake. Tikalumikizana mwa njira ya quantum, ndiye kuti mphamvu yokoka nayonso ndi ya quantum. Kuvuta kwake n'kwakuti kanthu kakachepa mokwanira kuti kakhale malo awiri, kukoka kwake kumachepa moti sikungayezeke. Mu 2021 gulu la Markus Aspelmeyer ku Vienna linayeza kukokana kwa timipira tiwiri tagolide, kalikonse kotalika mamilimita awiri, kolemera mamiligalamu pafupifupi 90. Linapachika kamodzi pa kandodo kolendewera pa ulusi wopyapyala, linkasuntha kanzakeko uku ndi uku pang'onopang'ono, ndipo zoyeza zabwino linkazipeza usiku, magalimoto a mumsewu atasiya kugwedeza nyumba. Tizinthu timene Bose akufuna ndi topepuka kuwirikiza mabiliyoni kuposa timipira timeneti.